Maberingi obulungira a sasipenshoni: ati amene angapirire pa galimoto ya mpikisano?

Munthu akayamba kupita ndi galimoto yake ku bwalo la mpikisano, sipatenga nthawi kuti ayambe kudandaula za mabushi a labala. Mukaponda buleki mwamphamvu labala amafinyika, mkono wa sasipenshoni n'kusuntha pang'ono, tayala n'kuloza kumene simunalitume. Pokhota, camber (kupendekera kwa tayala mkati kapena kunja) imene munaikonza mosamala pa alayimenti imathawa, ndipo tayala limadyeka m'mphepete. Mankhwala ake odziwika ndi kuchotsa labala n'kuikapo beringi yobulungira: kampira kachitsulo kobooka pakati, kokhala m'chikho chachitsulo, kotha kuzungulira ndi kupendekera mbali iliyonse koma kopanda mpata wogwedera. Ikakhala ndi mchira wa mazinga womangira pa mkono imatchedwa rod end. Ku America ambiri amati heim joint, ku Britain amati rose joint, potengera makampani a Heim ndi Rose amene ankazipanga kalelo, pamene ku Japan amati pillow ball.

Chovuta n'chakuti pa chithunzi zonse zimaoneka chimodzimodzi. Zonse n'zonyezimira, zonse amazilemba kuti n'zolimba. Koma ina imatha chaka chathunthu cha mipikisano ili nganganga, ina imayamba kugogoda pa ulendo wachitatu.

ZOYENERA KUYANG'ANA MUSANATULUTSE NDALAMA

Beringi yotere ili ndi imfa ziwiri, ndipo ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi kutha: malo amene kampira kamatsetsereka amaperepeseka, mpata n'kubadwa, galimoto n'kuyamba kugogoda ndi kuyendayenda poponda buleki. Imeneyi imachenjeza. Yachiwiri ndi kuthyoka: mchira umaduka pa mazinga, kapena kampira kamatuluka m'chikho, tayala n'kupita kwake muli pa liwiro. Imeneyi kawirikawiri sichenjeza. Kutha kumadalira chimene chili pakati pa kampira ndi chikho, komanso dothi limene limalowamo. Kuthyoka kumadalira chitsulo cha thupi lake ndi mmene mwaimangira.

Choncho funsani kaye za chitsulo. Kampira kabwino kamakhala ka chitsulo cha 52100 choumitsidwa ndi moto n'kukutidwa ndi chrome, kapena ka 440C chimene sichichita dzimbiri msanga. Thupi la rod end yoyenera pa sasipenshoni limakhala la chitsulo chosakaniza monga 4130 kapena 4340, nachonso choumitsidwa. Zotchipa zimakhala za chitsulo wamba chofewa. Palinso za aluminiyamu wa 7075, zopepuka kwambiri, koma aluminiyamu amatopa akamakokedwa ndi kukankhidwa mobwerezabwereza, kotero siwoyenera pamalo onyamula katundu wolemera pokhapokha muli okonzeka kumasintha pafupipafupi.

Kenako onani kapangidwe. Ya zidutswa ziwiri, thupi lenilenilo ndi limene limapindidwa kuti likumbatire kampira. Ya zidutswa zitatu ili ndi chikho chapadera chimene amayamba achiumbira pa kampira, kenako n'kuchikhomera m'thupi. Njira yachiwiriyi imalola kuti chikho chigwirane ndi kampira mofanana paliponse, ndipo thupi angathe kuliumitsa mmene akufunira.

Chachitatu, mphamvu ikuchokera kuti? Nambala yaikulu imene mumaiona m'katalogi ndi ya katundu wosayenda amene akukoka kapena kukankha motsata mchira. Kukankha kampira cham'mbali, motsata bawuti, ndi nkhani ina: opanga ena amalangiza kusapitirira 10 kapena 15 peresenti ya nambala ija. Ndiponso nambalayo ndi ya kukoka kamodzi, osati kugwedezeka kwa maola ambiri pamwamba pa timakhonde ta m'mphepete mwa msewu wa mpikisano. Amene amasankha beringi pongoyerekeza nambala zikuluzikulu za m'katalogi amakhala akuyerekeza chinthu chimene galimoto yake sichita.

Chachinayi ndi malo amene beringiyo izikhala. Madzi, mchenga, mchere wa m'misewu ya kumene kumagwa chipale, ndi kutentha kwa mabuleki pa maberingi a pafupi ndi tayala, zonsezi zimafupikitsa moyo wake kuposa liwiro lenilenilo.

Chomaliza ndi inuyo. Kodi muzikweza galimoto pa jeki kangati kuti muigwedeze ndi manja? Ndipo malamulo a gulu limene mukupikisanamo akuti chiyani? Magulu ambiri a magalimoto osasinthidwa kwambiri salola kuchotsa mabushi a labala, ndiye werengani malamulo musanagule kanthu.

CHITSULO PA CHITSULO, ZOTHIRA GIRISI

Izi ndi zakalekale. Kampira kamatsetsereka pa chitsulo chinzake kapena pa bronze (mkuwa wosakaniza), ndipo pakati pake pamakhala girisi yekha.

Mtengo: wotsika, kupatula zikuluzikulu za m'mafakitale.

Kapezekedwe: paliponse pamene amagulitsa maberingi a makina, pa miyeso ya mamilimita ngakhalenso ya mainchi. Za mamilimita zimatsata muyezo wa ISO 12240, kotero ya kampani ina imalowa pamalo pa ya kampani inzake. SKF ndi imodzi mwa makampani amene amazipanga.

Kasamalidwe: girisi pafupipafupi, ndi kupukuta wakale amene watuluka. Girisi akasakanikirana ndi fumbi amasanduka ngati phala la mchenga, ndipo amadya chikho mofulumira kuposa mmene chikanathera chili chouma.

Zoopsa: zimabwera ndi kampata kuchokera ku fakitale kuti girisi apeze polowa, choncho zimagogoda pang'ono zikadali zatsopano, ndipo mpatawo umangokulirakulira. Pa toe link (kamkono kosunga toe, ndiko kuti kumene tayala likuloza) kapena pa chiwongolero, kampata kameneko mumakamva m'manja. Chinanso chimene ambiri sachidziwa: kansonga kopopera girisi kamafuna bowo m'thupi la rod end, ndipo bowolo limafooketsa thupilo pamalo enieni amene limakokedwa. N'chifukwa chake nambala za mphamvu m'makatalogi zimakhala za rod end yopanda kansongako. Ubwino wake ulipo ndithu. Zimapirira kutentha ndi kumenyedwa mwadzidzidzi kuposa za nsalu zimene tikambe pansipa, ndipo mphamvu ikamasinthasintha mbali girisi amafalikira bwino mkati.

ZA NSALU YA PTFE, ZOPANGIDWIRA MPIKISANO

Apa ndi pamene anthu ambiri amathera, ndipo pali chifukwa chake. Mkati mwa chikho amamatamo kansalu kopyapyala kolukidwa ndi ulusi wa PTFE, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Teflon. Kampira kamagona pa kansaluko mothina, popanda mpata ngakhale pang'ono. Beringi ikamagwira ntchito, tizidutswa ta PTFE timamatirira pa kampira, ndipo timeneto ndi timene timagwira ntchito ya mafuta.

Mtengo: wapakati mpaka wokwera. Kusiyana kwa mtengo pakati pa ya zidutswa ziwiri ya chitsulo wamba ndi ya zidutswa zitatu ya 4130 n'kwakukulu, ngakhale zonse zitalembedwa kuti PTFE. Musanyengeke ndi mawu amenewo paokha. Kansalu kabwino pa thupi lofewa kamakupatsani beringi yosagogoda imene ingapindike mukagunda khonde.

Kapezekedwe: makampani a Aurora, FK ndi QA1 ku America, Fluro ndi Hirschmann ku Germany, onsewa ali ndi mitundu yopangidwira mpikisano. Aku America amatsamira pa mainchi, aku Germany pa mamilimita, ndiye yezani bawuti yanu musanaitanitse. M'katalogi ya Aurora, chilembo T kumapeto kwa nambala chimasonyeza kuti ili ndi kansalu ka PTFE, pamene Z chimasonyeza kansonga ka girisi. Mupezanso rod end za mchira wonenepa kuposa bowo la kampira, mwachitsanzo bowo la theka la inchi pa mchira wa 5/8. Zimenezi ndimazikonda kwambiri, chifukwa zimaonjezera chitsulo pamalo amene rod end imakonda kuthyokera popanda kusintha bawuti.

Kasamalidwe: musathire girisi kapena mafuta. Ndikutsindika izi chifukwa dzanja la makaniko limathamangira ku girisi likangoona chinthu choyenda. Mafuta amakoka fumbi, amalepheretsa PTFE kumatirira pa kampira, ndipo mankhwala ena otsukira angaononge guluu wa kansaluko. Pukutani ndi nsalu youma kapena yonyowa pang'ono. Musalozetsepo payipi ya madzi amphamvu yotsukira galimoto, pakuti imakankhira mchenga mkati momwe. Tizophimba ta labala tovalika mbali zonse ziwiri za kampira, monga timene amapanga a Seals-It, timathandiza, koma tizichotsedwa nthawi ndi nthawi, chifukwa madzi akalowa mkati mwake satulukanso.

Kudziwa kuti yatha n'kosavuta. Yatsopano imakhala yolimba kuipendeketsa ndi zala. Ikafika poti mwamasula mkono n'kungogwa wokha, kuthina kuja kwapita, ndipo kugogoda kuli pafupi. Kwezani galimoto, wina agwedeze tayala, inu mugwire beringiyo ndi zala: kampata kamene diso silingakaone, chala chimakamva. Mukaona ufa wakuda kapena timaulusi m'mphepete mwa chikho, kansalu kakutuluka.

Zoopsa: mdani wake wamkulu ndi mchenga ndi madzi. Pa galimoto yoyenda pa tala youma ya bwalo la mpikisano, yosungidwa m'nyumba, beringi yotere imakhalitsa. Yomweyo pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'mvula ingathe m'miyezi yochepa. Chrome wa pa kampira akayamba kukanganuka kapena kuchita dzimbiri, kampirako kamasanduka tupa n'kumapala kansalu. N'chifukwa chake kampira ka 440C n'koyenera ndalama zoonjezerazo kulikonse kumene kuli chinyezi. Kutenthanso kumafewetsa kansalu, ndiye beringi ya pafupi ndi disiki ya buleki imafuna kachitsulo kotchinga moto.

ZA MUYEZO WA NDEGE

M'kapangidwe n'zofanana ndi za pamwambazi, koma zimayesedwa motsata muyezo wa SAE AS81820, umene kale unkatchedwa MIL-B-81820. Muyezowu umafuna kuti beringi, itasenzetsedwa katundu wolemera, igwedezedwe madigiri 25 uku ndi uku maulendo 25,000, ndipo kuperepeseka kwake kusapitirire mainchi 0.0045, omwe ndi pafupifupi mamilimita 0.11. Iyeneranso kugwira ntchito kuyambira pa kuzizira kwa madigiri 54 pansi pa ziro mpaka kutentha kwa madigiri 163 a Celsius. Kampira kamakhala ka 440C, chikho cha chitsulo cha 17-4PH. Manambala ake odziwika ndi MS14101 mpaka MS14104.

Mtengo: wokwera kuposa zina zonse. Chimene mukulipira si mphamvu yokha ayi, koma kufanana: beringi ya lero ndi ya chaka chamawa zidzachita chimodzimodzi, ndipo pali mapepala osonyeza kumene inachokera.

Kapezekedwe: NHBB, RBC ndi Aurora amazipanga, pa miyeso ya mainchi. Nthawi zina mudikira milungu. Chenjerani ndi zogulitsidwa motchipa ngati zotsala za ndege popanda mapepala, chifukwa nambala yodindidwa pa chikho aliyense angaidinde.

Kasamalidwe: monga za PTFE zina. Ntchito yaikulu ili pa kuika. Zambiri sizikhala ndi mchira, zimalowa m'bowo la mkono weniweniwo, ndipo zina zili ndi kangalande m'mphepete kamene amakapinda ndi chipangizo chapadera kuti beringi isatuluke. Bowo likachepa pang'ono pokha, chikho chimafinyika, kampira n'kuuma, sasipenshoni n'kumakakamira. Likakula, chikho chimazungulira m'bowomo n'kulikuza.

Zoopsa: kuganiza kuti popeza ndi ya ndege ndiye kuti siitha. Mayeso aja amachitika ndi kugwedeza kwakukulu kwapang'onopang'ono, pamene sasipenshoni imanjenjemera timadigiri tochepa mofulumira, mkati mwa fumbi la mabuleki. Mchenga suwerenga mapepala.

ZA NAYILONI WOTHIRA MKATI

Apa amaika kampira m'thupi n'kupoperamo nayiloni wosungunuka wosakaniza ndi PTFE, amene akauma amakhala chikho. QA1 imadziwika ndi mtundu umenewu.

Mtengo: wapakati, nthawi zambiri wotsikirapo poyerekeza ndi za zidutswa zitatu za nsalu.

Kapezekedwe: zambiri ndi rod end za mainchi.

Kasamalidwe: kochepa. Nayiloniyo amakumbatira kampira mpaka m'mphepete, kotero dothi silipeza polowera mosavuta, ndipo amameza kunjenjemera pang'ono.

Zoopsa: pulasitiki amafewa akatenthedwa ndipo amaphwanyika akamenyedwa kwambiri. Pafupi ndi mabuleki kapena ekizozi sindingaziike.

ZOTSEKEDWA NDI LABALA, ZA MTUNDU WA KU FAKITALE

Anthu okonda mpikisano amazinyalanyaza, mwina chifukwa sizinyezimira. Koma magalimoto ambiri a BMW ndi Mercedes amatuluka ku fakitale ali nazo pa sasipenshoni ya kumbuyo: kampira kokhala m'chikho cha pulasitiki wolimba, girisi mkati, ndi labala wotseka mbali zonse ziwiri. Lemförder ndi imodzi mwa makampani amene amazipanga. Masiku ano makampani ena amazikhomera m'tizitsulo tolowa pamalo pa mabushi a labala a magalimoto otchuka.

Mtengo: beringi payokha si yodula. Chodula ndi seti yonse yopangidwira galimoto yanu.

Kapezekedwe: apa ndi pamene pali vuto. Miyeso yake ndi yochepa, inapangidwira magalimoto enaake, ndipo nambala za mphamvu yake siziikidwa poyera ngati za rod end. Ngati palibe amene anapanga seti ya galimoto yanu, mudzafunika munthu wodziwa kusema zitsulo.

Kasamalidwe: kuyang'ana labala ngati sanang'ambike, basi.

Zoopsa: labala akang'ambika osaonedwa, madzi amalowa ndipo beringi imatha mwakachetechete. Sizipendekera kwambiri, n'zolemera, ndipo sizisinthika utali ngati rod end. Koma pa kukhalitsa m'mvula ndi m'dothi palibe mwa zonsezi imene ingapikisane nazo.

ZOPANDA DZINA

Izi zimabwera zomangidwa kale pa mikono yotchipa ya sasipenshoni yogulitsidwa pa intaneti. Mtengo wake ndi wotsikitsitsa ndipo zimapezeka mosavuta. Kasamalidwe kake ndi kuzisintha. Choopsa n'chakuti simudziwa chitsulo chake, simudziwa ngati chinaumitsidwa, ndipo palibe katalogi yofunsako. Ngati mkonowo ndi wabwino ndipo muyeso wa mazinga ake ndi wodziwika, chotsani rod end zakezo muikepo za kampani yodziwika musanapite ku bwalo. Ngati wogulitsa sangakuuzeni amene anapanga beringi, ameneyo wakuyankhani kale.

KAMANGIDWE KAMAPHA ZABWINO ZOMWE

Sindingatseke kuyerekezaku osanena izi, chifukwa rod end zambiri zothyoka sizinali zoipa. Mchira wa mazinga unapangidwira kukokedwa ndi kukankhidwa, osati kupindidwa. Mukaika rod end kunsonga ya kunja ya mkono wam'munsi, kumene mphamvu ya buleki ndi ya sipuling'i imaukankha cham'mbali, mng'alu umayambira pansi pa mzinga woyamba kunja kwa nati, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lothyoka. Oweruza a mpikisano wa ophunzira wa Formula Student amadziwika ndi kudana nako kamangidwe kameneka. Malamulo awo amafunanso kuti beringi yotere pa sasipenshoni kapena chiwongolero igwiridwe mbali zonse ziwiri, apo ayi pakhale washa kapena mutu wa bawuti waukulu kuposa bowo la chikho, kuti kampira kakatuluka mkono usachoke. Lamulo limeneli n'loyenera galimoto iliyonse.

Mchira ulowe mkati mwa mkono utali wosachepera kunenepa kwake kamodzi ndi theka, ndipo nati yotsekera imangidwe. Kenako chotsani sipuling'i, muyendetse sasipenshoni kuchoka pansi mpaka pamwamba, chiwongolero chili kumapeto kumanja ndi kumanzere. Ngati pena pake kampira kafika pothera kupendekera kwake, chitsulo chikugunda chitsulo ndipo mchira ukupindidwa. Pamenepo pafunika timapaipi tosongoka toonjezera mpata wopendekera. Galimoto ikachita ngozi kapena ikagunda khonde mwamphamvu, rod end za mbali imeneyo zisinthidwe ngakhale zikuoneka bwino, kapena ziyesedwe ndi utoto wofufuzira ming'alu.

NDIYE INU MUTENGE ITI?

Ngati galimoto yanu imapita ku ntchito mkati mwa sabata ndi ku bwalo kamodzikamodzi, funani zotsekedwa ndi labala. Zikasowa, ganizirani bwino musanachotse mabushi onse. Sinthani okhawo amene amasokoneza toe ndi camber, enawo asiyeni, chifukwa beringi yachitsulo imabweretsa phokoso lonse la msewu m'galimoto, ndipo mphamvu imene labala ankameza tsopano imafika pa zitsulo zomangirapo.

Ngati galimotoyo imangoyenda pa bwalo la tala ndipo imanyamulidwa pa ngolo, tengani za nsalu ya PTFE za zidutswa zitatu, thupi la 4130 kapena 4340, ndipo muziziyesa ndi manja musanapite ku mpikisano uliwonse. Kumeneku ndiye kugwiritsa ntchito ndalama mwanzeru kwa anthu ambiri.

Pa mipikisano ya maola ambiri, kapena galimoto ya mapiko oipanikiza pansi ndi matayala osalala imene imasenzetsa sasipenshoni katundu wolemera, za muyezo wa ndege zimabweza ndalama zake. Lembani m'buku maola amene iliyonse yagwira ntchito, ndipo muzisintha potsata bukulo, osadikira kugogoda.

Pa rally ndi misewu ya dothi, funso lalikulu ndi lotseka. Zotsekedwa ndi labala kapena za nayiloni zimapirira bwino, ndipo za PTFE zikhale zokulirapo, za kampira ka 440C, zokhala ndi tizophimba. Za girisi zingagwire ntchito ngati muli ndi anthu otsuka ndi kupopera girisi pa malo aliwonse opumira.

Pa timikono ta anti-roll bar (chitsulo chochepetsa kupendekera kwa galimoto pokhota) ndi ndodo za giya, kumene kuthyoka sikuchotsa tayala, ya zidutswa ziwiri ya kampani yodziwika ndi yokwanira. Ndalama zimene mwapulumutsa pamenepo zipite kunsonga ya kunja ya mkono wam'munsi, ndipo pamalo amenewo ikani beringi yolowa m'bowo la mkono weniweniwo, yotsekedwa ndi kawaya kozungulira kapena yopindidwa m'mphepete, osati rod end ya mchira.